Ulendo wa ku Dar wayandikira, ndikapikule nsapato zotani za chilimwe chino?

Amayi anzanga, moni nonse. Ndakhala pagulu pano nthawi yaitali ndikungowerenga, koma lero zandithina, ndiye ndati ndifunse kwa inu amene mumavala ndi inu amene mumagulitsa.

Ndimachita geni ya nsapato za amayi ku Lilongwe kuno. Shopu ndilibe. Ndimagulitsira pakhomo ndi pa WhatsApp, ndipo mwezi ukatha ndimanyamula chikwama n'kumazungulira m'maofesi. Katundu ndimakapikula ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, katatu pachaka. Ulendo wa kumapeto kwa Ogasiti uno ndi umene ndimadalira chaka chonse, chifukwa kutsogoloku kwandanda maukwati, zinkhoswe, ma bridal shower, Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, kenako Khirisimasi. Ndikaphonya apa ndiye kuti fizi ya ana ya mu Januwale ndaiphonyanso.

Chaka chatha geni inandigwetsa chagada. Ndinatengeka ndi zimene ndinkaona pa Instagram ndi pa TikTok. Paliponse panali nsapato zafulati zija zoonekera zala, zolukidwa ngati neti ya udzudzu, ndi zina zansalu yofewa za mtundu wa pichesi wotuwirako. Mumtima ndinati izi zikangofika kwathu anthu adzalimbirana. Ndinabwera ndi mapeyala 40. Sabata yoyamba zinayenda ndithu. Kenako kasitomala wanga wina, mayi amene wakhala akundigula kwa zaka zinayi, anavala peyala yake popita ku chinkhoswe ku Area 25. Anatsika minibasi n'kuyenda wapansi kamtunda pang'ono pamsewu wafumbi. Madzulo ake ananditumizira chithunzi. Fumbi lofiira lija linalowa m'timabowo tonse, zala zili psuu, nsapato yasanduka mtundu wa njerwa. Anayesa kuichapa ndi sopo ndi mswachi, guluu n'kumatuka kutsogolo. Sanakalipe ayi, anangoti, "Achemwali, izi si za kuno." Mawu amenewo anandiwawa kuposa akanandibwezera katunduyo. Mpaka lero mapeyala 17 ali m'katoni kunsi kwa bedi, ndipo ndalama zake zinali za banki m'khonde, ndinabweza ndi chiwongoladzanja.

Ndiye chaka chino sindikufuna kuyenda m'chimbulimbuli. Ndikuona kunjaku akuchemerera chikasu chotuwa ngati batala, bulauni wa khofi wothira mkaka, ndi kufiira kodera ngati vinyo. Pa nsapato ndikuona zafulati za lamba mmodzi pamwamba zimene akuti Mary Jane, tigogoda tating'ono tosongoka, ndi zija za kalamba kozungulira chidendene. Pa zonsezi, n'ziti zimene mayi wa kuno angavale kuchoka pakhomo, kukwera kabaza, kukafika ku tchalitchi kapena ku holo, n'kubwerako nsapato ikadali nsapato? Nanga mitundu yotuwayi ndiisiyiretu kapena nditengeko pang'ono? Mpamba ndi wochepa, ndalama zakunja mukudziwa mmene zikuvutira, sindingatenge chilichonse chimene chandikomera m'maso. Inu muli ku Joni ndi ku UK, ndiuzeni zimene anthu akuvaladi mumsewu, osati za pa zithunzi zokha.

Mayi wokhala ku Manchester:

Achemwali, pepani ndi zimene zinakuonekerani. Chimene mungadziwe choyamba n'chakuti zimene mumaona pa foni zimatsata nyengo ya kuno. Okonza zovala akuluakulu amaonetsa zovala za nyengo yotentha ku New York, London, Milan ndi Paris mu Sepitembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala, koma zimakhala za chaka chotsatira. Zimalowa m'mashopu chisanu chikamatha, anthu n'kumazivala kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Nthawi imeneyo kwathu ndi ya majuzi, ku Blantyre chiperoni chili m'kati. Pamene kwathu dzuwa liziyamba kuswa mtengo, kuno mashopu adzakhala atadzaza kale majekete ndi mabuti. Zimenezi n'zokukomerani inu, chifukwa mukupita kokapikula mutaona kale zimene zagwira ndi zimene zangothera pa zithunzi.

Zimene ndaona ndi maso anga m'basi ndi kuntchito miyezi yapitayi: Mary Jane zafulati zachuluka zedi, zakuda ndi zofiira. Atsikana ambiri ali m'masinika opyapyala ngati Adidas Samba, amavalira ngakhale diresi lalitali. Kukatentha ndi masandasi a Birkenstock ndi zofanana nawo. Chikasu cha batalacho chilipodi, koma ndachiona kwambiri pa madiresi, mabulauzi ndi tizikwama. Kumapazi n'chosowa.

Za mitunduyi, pali kampani ya ku America yotchedwa Pantone imene imalengeza mtundu wa chaka, ndipo opanga zovala ambiri amaitsatira. Mu 2023 unali Viva Magenta, mu 2024 unali Peach Fuzz, pichesi uja anakulizaniyu, ndipo wa 2025 ndi Mocha Mousse, bulauni mukunenayu. Ine ndikanakhala inu ndikanakangamira bulauniyo. Kwa nthawi yoyamba mtundu umene akuuchemerera kunja ndi womwe umagwirizana ndi fumbi lathu.

Mayi wokhala ku Johannesburg:

Sisi, musiye kuyang'ana za ku Ulaya, yang'anani za kuno. Nyengo yathu ndi yanu zimayendera limodzi. Kuno kuzizira kumatha mu Ogasiti, ndipo pofika 1 Sepitembala mashopu ngati Mr Price, Foschini ndi Woolworths amakhala ataika kale za nyengo yotentha pawindo. Lowani pa masamba awo a pa intaneti sabata ino, muone zimene aika kutsogolo. Ine zimene ndikuona zikuyenda ndi gogoda wonenepa wamakona anayi uja, wosatalika kwambiri, ndi masandasi afulati a golide ndi siliva.

Koma nkhani yaikulu ndi masaizi. Kuno timawerenga ngati ku UK, 5 ndiye 38, 6 ndiye 39. Zambiri zochokera ku China zimakhala zopanikiza kutsogolo, ndipo kukatentha phazi limatupa, makamaka madzulo munthu atayenda tsiku lonse. Ndimatumizira azichemwali anga ku Zomba, ndipo zimene zimabwerera ndi zothina nthawi zonse, zokhwepa sizinabwererepo. Chulutsani 39, 40 ndi 41. Za 36 ndi 37 mutenge zowerengeka.

Mayi wa ku Nchalo:

Kuno ku chigwa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Zapulasitiki zoonekera mkati zija musatenge chonde. Ndinavalapo tsiku limodzi, phazi linanyowa thukuta n'kumatereka mkati, pobwera matuza mbali zonse ziwiri. Tipezereni zotsegula, zofewa popondera.

Wina:

Ndikutsatira nawo, inenso ndikunyamuka mwezi wamawa.

Bambo wosoka nsapato ku Limbe:

Mundikhululukire amayi, ndine bambo, ndalowa pa foni ya mayi akunyumba ataniwonetsa nkhaniyi. Ndakhala pa ntchito yosoka nsapato zaka zambiri, ndipo miyezi yotentha ndi imene ndimalandira nsapato za amayi zochuluka. Matenda ake ndi atatu omwewo: soli kumatuka, chikopa kusupuka, ndi kamphira ka kunsi kwa gogoda kuguluka.

Mukafika pa shopu ku Dar musamangoyang'ana kukongola. Tengani nsapato imodzi muipinde pamene zala zimapindikira, kenako muyang'ane m'mphepete pamene soli yakumana ndi chikopa. Pakaoneka kampata ngakhale kakang'ono, kapena guluu wouma wachikasu, imeneyo siifika Khirisimasi. Dzuwa likawomba pa tala guluu wotchipa amafewa. Yosokedwa ndi ulusi ndiyo yabwino, ingakhale yodulirapo. Kandaninso pang'ono ndi chikhadabo mkati mwa chidendene. Zambiri zimene timazitcha chikopa ndi nsalu yokutidwa ndi pulasitiki, ndipo ikakhalitsa m'sitolo imayamba kukhakhala isanavalidwe n'komwe. Mukaona tizidutswa tikuyoyoka pa chala chanu, dziwani kuti akukugulitsani katundu wogonera.

Tigogoda tosongoka mukunenato ndi tokongola, koma maukwati ambiri masiku ano akuchitikira pa kapinga. Kamatitimira m'dothi, kamphira n'kutsalira momwemo, mayi n'kumayenda pa msomali, Lolemba ali kwa ine. Wonenepa uja anena a ku Joniwa ndi amene amapirira. Chomaliza, katundu akafika musamusunge m'majumbo omanga, m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Kutero n'kumuika mu uvuni. Chotsani m'majumbo, muike pansi pozizira podutsa mphepo.

Mtsikana wa ku koleji ku Zomba:

Anti, ine ndikutsutsako pang'ono. Mukatenga bulauni ndi zakuda zokhazokha ife atsikana simutiona. Ifeyo timafuna zomwezo tikuona pa foni, ndipo fumbi tinalipezera njira kalekale. Pamsewu timavala patapata, nsapato ili m'chikwama, tikafika pa geti timapukuta mapazi n'kusintha. Anzanga atatu akusakasaka Mary Jane yofiira mwezi wonse uno, ku kaunjika ikangotuluka m'belo imapita nthawi yomweyo. Chikasu cha batalacho nachonso pa khungu lakuda chimakhala bwino kwambiri, anthu asakuopsezeni. Kungoti chikhale chosalala choti n'kupukuta ndi kansalu konyowa, osati chansalu. Vuto la chaka chatha silinali mtundu, inali nsaluyo.

Telala wa ku Mchesi:

Mwana wa ku Zombayu wanena zoona pa nkhani ya nsalu. Koma ine ndiyankhulepo za makasitomala amene ali ndi ndalama m'manja miyezi imeneyi, chifukwa amadutsa kwa ine asanafike kwa inu.

Ukwati uli ndi mitundu yake imene akwati ndi akomiti anasankha kale, mwina miyezi isanu yapitayo. Sasintha chifukwa cha zimene zatchuka ku Paris. Operekeza akwati akasoketsa madiresi, funso lawo limakhala lakuti tivalira nsapato yanji, ndipo yankho nthawi zambiri ndi golide, siliva, kapena yofanana ndi khungu. Apa mumvetsetse: zimene amazitcha zofanana ndi khungu m'mashopu ambiri ndi zotuwa, za khungu la azungu. Pa phazi lathu zimaoneka ngati bandeji. Bulauni wa khofi uja ndiye wofanana ndi khungu lathu, mwendo umaoneka wautali, ndipo amalowa pa chitenje chilichonse. Chitenje chili kale ndi mitundu inayi kapena isanu, nsapato siyenera kulimbana nacho.

Musananyamuke, zungulirani matelala atatu kapena anayi a m'dera lanu, muone nsalu zimene zapachikidwa kuyembekezera maukwati a Okutobala ndi Novembala. Pamenepo mudziwa zambiri kuposa pa foni. Kwa ine pakali pano zachuluka zobiriwira modera, zofiira ngati vinyo, ndi za mtundu wa njerwa yootcha.

Pa Tsiku la Anakubala ogula ndi ana, ovala ndi amayi achikulire. Amenewo amafuna yakuda kapena yabulauni, yotakasuka kutsogolo, yosakwera. Amayi a Mvano pa yunifolomu yawo ya bulauzi yoyera ndi siketi yakuda amavalira yakuda, ndiye imeneyo siigona.   

Mwini funso:

Amayi, ndi inu bambo a ku Limbe, zikomo kwambiri. Ndawerenga kawiri, zina ndalemba m'kope limene ndimayenda nalo. Dzulo madzulo ndatulutsa katoni ija n'kupinda imodzi monga mwanenera, ndipo kampata kaoneka pomwepo. Ndikanadziwa chaka chatha ndikanaiona ndili pa shopu pomwepo.

Ndaganiza chonchi. Theka la mpamba lipita pa gogoda wonenepa wabulauni ndi wagolide, ndi zakuda zafulati za amayi achikulire. Masandasi otsegula nditengako a anthu a kunyanja ndi ku chigwa, ndili ndi mlamu wanga ku Salima amene amandigulitsirako. Mary Jane yofiira nditenga dazeni imodzi yokha, yosalala, ndione mmene atsikana ailandirire, ndipo mwana wanga wa ku Zomba, ukhale woyamba kundifunsa ikafika. Chikasu cha batala ndikaona ngati ndingapeze tizikwama m'malo mwa nsapato. Mawa ndiyamba ndi matelala a pa msika wathu.

Chatsala ndi mapeyala 17 aja. Mvula ikangoyamba mu Novembala ndiye kuti athera pomwepo, palibe angavale neti m'matope. Ndiwatsitse mtengo ndingopezako ya thiransipoti, kapena pali njira yowadayira kuti adere? Bambo a ku Limbe, nsalu ya neti imagwira dayi?

Bambo wosoka nsapato ku Limbe:

Zansalu zija zimagwira, makamaka mukadaya zakuda kapena bulauni wodera, koma yesani peyala imodzi kaye muone ngati sichucha pa phazi lonyowa. Za neti zambiri ndi ulusi wa pulasitiki, dayi wa pamsika amangotsetsereka. Zimenezo pitani nazo kwa wosoka azungulize ulusi kutsogolo musanagulitse, ndipo wogulayo mumuuze poyera kuti ndi za mu ofesi ndi za pa galimoto. Ndi saizi zanji zatsalazo?