Zakudya za amayi ndi zosonkha za mwezi uno

Tadala: Moni nonse. Zotsatira za magazi a amayi zatuluka, impso zawo zafooka ndipo potaziyamu, mchere wina wa m'thupi wochokera m'zakudya, ali pa 5.9. Woyenera amakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0. Impso zikafooka sizimutaya bwino mumkodzo, ndiye akachuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima, nthawi zina popanda chizindikiro. Adokotala akuti asapyole mamiligalamu 2,000 patsiku, tikayezetsenso Lachisanu.

Amalume: Ine K30,000 yanga ndinatumiza kalekale pa Mpamba. Enanu?

Azakhali: Ndakweza mkoko wa nthochi ndi mapeyala paminibasi. Wodwala amafuna zipatso.

Tadala: Zikomo azakhali, koma zimenezo adye ana. Nthochi imodzi yokha ili ndi mamiligalamu oposa 400, peyala ndiye kuposa pamenepo. Malambe, mapapaya ndi malalanje tiyambe taleka. Apulo mmodzi patsiku, kapena kagawo ka chinanazi.

Azakhali: Apuloyo ngwandalama. Nthochi nzakudimba kwathu.

Nachisale: Alamu, nanga ndiwo ndiziphika chiyani? Nkhwani wotendera ndiye amadyera nsima, zina amangotembenuza mbale.

Mphatso: Vuto lalikulu ndi kaphikidwe kathu alamu. Timathira madzi pang'ono mpaka aphwere, ndiye potaziyamu yense amatsala mumphika momwemo. Nkhwani, bonongwe kapena chigwada duladulani, muwiritse m'madzi ambiri, madziwo mutaye, kenako mukazinge ndi anyezi ndi timafuta. Tomato kagawo kamodzi mwa zinayi, osati atatu monga mwa masiku onse. Nsinjiro ayi. Pambale pawo theka la kapu basi. Kabichi, zitheba ndi nkhaka zili ndi wochepa, muzidalira zimenezo.

Nachisale: Thelere?

Mphatso: La chidulo ayi ndithu. Chidulo ndi madzi a phulusa, ndipo m'phulusa ndi momwe mwadzaza potaziyamu. Soda nayenso ali ndi sodiyamu, amakweza BP ndi kutupitsa miyendo.

Amalume: Zonsezi zikufuna ndalama. Ine yanga ndinatumiza kale.

Chisomo: Tamva amalume. Yanga ikubwera pa 28, sitinalandire.

Amalume: Mwezi wathanso inali pa 28.

Chisomo: Tisafike kumeneko. Za pachiliza cha agogo enafe sitinanenepo kanthu.

Azakhali: Pajatu malata a khitchini akudontha, mvula ili pafupi. Amene anatenga matumba awiri m'nkhokwe aja akanagulako.

Chisomo: Kapentala akuti malata 6 ndi misomali.

Tadala: Chonde za khitchini tikambe Loweruka. Alamu, mchere uja achimwene anatumiza kuchokera ku Joni, wolembedwa low sodium, uchotseni patebulo lero lomwe. Mchere wotero amachepetsa sodiyamu n'kuikamo potassium chloride. Kwa wa BP yekha ndi wabwino, kwa wa impso ndi woopsa. Thirani wamba womwewu koma pang'ono kwambiri, kukometsa kukhale kwa anyezi ndi adyo.

Nachisale: Mayo! Takhala tikuthira womwewo kuphala.

Amalume: Mwini mchereyo akuwerenga, timizere tabiriwira. Ayankhe za ndalama.

Nachisale: Mbatata m'mawa ndi tiyi ndilekeretu?

Mphatso: Yootcha, yophika ndi makoko, futali, zonsezo lekani. Chinangwa ndi dzungu n'chimodzimodzi. Akaifunitsitsa, kaya ya kholowa kaya ya kachewere, isendeni, muidule mopyapyala, mamilimita atatu. Viikani m'madzi ofunda maola osachepera awiri, kapu imodzi ya mbatata makapu 10 a madzi. Tayani madziwo, tsukuluzani, wiritsani m'madzi atsopano makapu 5, mutayenso. Anthu amalakwitsa podula zibenthu zikuluzikulu, madzi salowa mkati, kapena kusandutsa madzi owiritsirawo msuzi. Ngakhale mutatero potaziyamu satha yense, ndiye theka la kapu, osati tsiku lililonse. Masiku ena buledi woyera kapena phala la mpunga.

Azakhali: Munthu wadya mbatata moyo wake wonse, lero ikhale poizoni?

Tadala: Impso zake zinali zina azakhali. Nsima ikhale ya ufa woyera. Mgaiwa uli ndi madeya, momwe muli potaziyamu wambiri komanso fosiforasi, mchere winanso umene impso zofooka sizitaya bwino, pomwe mphale imakonoledwa n'kuviikidwa. Nyemba, nandolo ndi soya tichepetse kwambiri. Usipa ndi matemba ouma timadya ndi minga yomwe, fosiforasi ndi wambiri, ena amakhala amchere. Dzira limodzi, kapena nthuli ya nkhuku yosaposa chikhatho chawo. Mkaka usapitirire theka la kapu patsiku.

Amalume: Nkhuku, mazira, apulo, mpunga. Ndiye K30,000 ikwana? Ine yanga ndinatumiza kale.

Chisomo: Amalume, tonse tinaona risiti.

Mphatso: Chinanso, mutu kapena msana ukawawa apatseni Panado. Brufen ndi diclofenac ayi, amawononga impso n'kukwezanso potaziyamu. Enalapril, mankhwala a BP amene akumwa aja, nayenso amakweza potaziyamu, koma musawasiyitse nokha, Lachisanu mutenge mapaketi onse adokotala akaone. Akadzimbidwa muzinena, chifukwa potaziyamu wina amatuluka ndi chimbudzi. Miyendo ikalefuka mwadzidzidzi kapena mtima ukamagunda modumphadumpha, musadikire Lachisanu.

Azakhali: Nanga mankhwala a m'botolo aja ndinabweretsa?

Tadala: Asamwe azakhali, sitikudziwa zomwe zilimo.

Azakhali watuluka pagulu

Chisomo: Abwezereni wina, ine sindine admin.

Tadala: Ndiwaimbira madzulo. Apereka: amalume, Mphatso, ine. Atsala: Chisomo, achimwene a ku Joni miyezi iwiri, azakhali. Thiransipoti ya Lachisanu ichoka momwemu.

Nachisale: Minibasi ija yafika, kondakitala akufuna K4,000 ya mkoko wa nthochi. Ndichotse pa ya mazira?