Pulani yakale yasowa ku khonsolo, tikumbe kapena tidikire?

Bambo a Chisomo: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndapeza ntchito ku Bez Valley kuno ku Johannesburg, nyumba yakalekale ya malata, siling'i yake ya zitsulo zamaluwa zija. Bwana wake akufuna tiwonjezere zipinda ziwiri kumbuyo, kenako boyizikota isanduke koteji ya lendi. Atapita kukapempha pulani yakale ku khonsolo, amuuza kuti m'fayilo ya pulotiyo mulibe kanthu. Ndiye akuti poti khonsolo ilibe pulani, palibe wotiletsa, Lolemba tiyambe kukumba maziko. Dipoziti wandipatsa kale, anyamata anga angokhala. Nditani?

aMbewe: Kumbani achimwene. Ku Rosettenville ndi ku Turffontein kuseri kwa nyumba kuli zipinda mbwee, ndani anaonetsapo pulani? Ndalama ikalowa m'thumba sibwezedwa.

Mayi a Tadala: aMbewe musawaponye m'dzenje anzanu. Ine ntchito yanga ndi yojambula mapulani, ndipo nkhani iyi ndimakumana nayo kawirikawiri. Lamulo la zomangamanga la 1977 limati usanamange, khonsolo iyambe yavomereza pulani yako molemba. Silinena kuti fayilo ikasowa wamasuka. Kusowako kwangochulutsa ntchito basi.

Choyamba afufuzebe. Afunse amene anamugulitsa nyumbayo, loya amene anasintha umwini, ndi banki ngati inagulidwa pa ngongole. Mapulani ena amapezeka m'kabati mwa agogo, atakulungidwa ndi lastiki. Kumbukiraninso kuti Metro Centre, likulu la khonsolo ku Braamfontein, inatsekedwa mu 2023, choncho apemphe kuti yankho loti pulani palibe amupatse molemba, osati la pakamwa. Akanakhala ku Randburg, Roodepoort kapena Sandton ndikanati afunsenso kumeneko, poti kale matauni amenewo anali ndi makhonsolo awoawo, koma Bez Valley ndi ya Johannesburg kuyambira kale.

Zikakanika, timajambula as-built. Timabwera ndi tepi, kuyeza chilichonse chimene chaima pa pulotiyo, makoma, mawindo, denga, mapaipi, boyizikota ngakhale galaja, n'kujambula monga zilili lero. Zatsopanozo timaziwonjezera pomwepo n'kupereka limodzi. Wosayina akhale wolembetsedwa ku SACAP, bungwe loyang'anira ojambula mapulani, osati mnyamata wongodziwa kompyuta.

Bambo a Chisomo: Ndiye kuti tikayeza n'kupereka, basi zatha?

Mayi a Tadala: Ayi bambo, chachikulu sindinanene. Mwati siling'i ya zitsulo zamaluwa? Nyumba imeneyo inadutsa kalekale zaka 60. Lamulo loteteza zinthu zakale la 1999 limaletsa kusintha kapena kugwetsa mbali iliyonse ya nyumba yopitirira zaka 60 popanda chilolezo, ndipo kuno ku Gauteng chimachokera ku PHRAG, bungwe la boma loteteza zinthu zakale. Ngakhale kuboola khoma kuti muike chitseko cholowera m'zipinda zatsopanozo, ndi kusintha kumeneko. Anthu amaganiza kuti lamuloli ndi la nyumba zotchuka zokha, ayi ndithu, limawerenga zaka.

Atengenso mapepala atatu: title deed, zoning certificate ndi chithunzi cha malire cha kwa Surveyor-General, ofesi ya boma yoyeza malo. Title deed imaulula ngati pali kamzere ka malo koletsedwa kumangapo. Zoning imanena kuti ndi gawo lalikulu bwanji la puloti lomwe lingakhale ndi nyumba, komanso kuti khoma litalikirane bwanji ndi malire. Makoteji amaloledwa pansi pa Land Use Scheme ya 2018, malamulo a khonsolo a kagwiritsidwe ntchito ka malo, koma kukula kwake kuli ndi malire.

Che Yusufu: Ine ndilankhule za kwanga kwa mapaipi. Pulani yakale imaonetsa kumene suweji yadutsa, ndiye ikasowa mukukumba mwakhungu. M'madera akalewa mapaipi ambiri ndi adothi, piki ikangokhudza aphwanyika, ndipo pena paipi yaikulu ya anthu onse imadutsa kumbuyo kwa mapuloti, komwe mukufuna zipindako. Chitani izi mawa lomwe: funani manhole onse, maenje a suweji okhala ndi chivundikiro aja, ena anakwiriridwa ndi peving'i, gogodani ndi hamala mumve pamene pakulira ngati ng'oma. Tsegulani, wina athire madzi osakaniza ndi utoto m'chimbudzi, inu muone kumene akulowera ndi kumene akutulukira. Ikakhala paipi ya Joburg Water, kampani ya madzi ya khonsolo, pamwamba pake simungangomangapo mwa inu nokha.

aMbewe: Zonsezi zitenga miyezi. Anyamata adya mapepala?

Mayi a Tadala: Lamulo la 1977 lija limapatsa khonsolo masiku 30 kuti iyankhe ngati nyumba ndi yosafika masikweya mita 500, yoposa apo masiku 60. Kunena zoona zimatha kupitirira, makamaka PHRAG ikalowapo. Koma taganizani mbali inayo. Neba mmodzi akadandaula, inisipekita amabwera ndi kalata yoimitsa ntchito, ndipo khonsolo ikhoza kupita kwa majisitireti kukapempha kuti zomangidwazo zigwetsedwe. Setifiketi yololeza kulowamo anthu simuiona. Moto ukabuka, a inshuwalansi ayamba kufunsa pulani.

Agogo a Mphatso: aMbewe mwana wanga, ine ndakalambira pa sikafodi kuno ku Joni. Tsiku limene kalata yoimitsa ifika, bwana yemwe akukakamiza mmisiri leroyo ndi amene adzanene kuti mmisiri ndiye amadziwa malamulo, bwanji sanandiuze. Ndalama yomaliza adzaigwira. Iwe mlendo ukalimbana naye kuti?

Bambo a Chisomo, boyizikotayo muiyang'anitsitse. Zambiri zinamangidwa ndi khoma la njerwa imodzi, popanda chotchinga chinyezi pansi, denga lotsika moti wamtali amawerama. Pa chipinda chogona anthu, muyezo wa zomangamanga wa SANS 10400 umafuna siling'i ikhale mamita 2.4 kuchokera pansi, ndipo windo likhale losachepera gawo limodzi mwa magawo 10 a pansi pa chipindacho. Kumbani kadzenje kamodzi m'mbali mwa khoma, injiniya wolembetsedwa ku ECSA, bungwe loyang'anira mainjiniya, aone maziko ndi maso ake. Mukhoza kupeza kuti kukonza kudula kuposa kumanga kwatsopano. Mpandanso musaukhulupirire, si nthawi zonse umaima pa malire enieni. Zikhomo zikasowa itanani saveya.

Za anyamatawo, dulani kotesheni pawiri. Gawo loyamba likhale losakhudza makoma: penti, magatala odontha, kuyeretsa pabwalo. Lachiwiri mulembe kuti liyamba pulani ikadindidwa, bwana asayine.

Bambo a Chisomo: Ndabwerako akuluakulu. Che Yusufu munalosera. Tagogoda peving'i, manhole tampeza pakati penipeni pomwe pamayenera kukhala chipinda chachiwiri, ndipo madzi akuyendamo ngakhale m'nyumba mulibe watsegula mpopi. Bwana uja anangoti kukamwa yasa. Wavomera kotesheni ya pawiri, anyamata ayamba penti Lolemba. Mayi a Tadala, nditumizireni mtengo wa as-built kumbali, muphatikize ndi za PHRAG.

Che Yusufu: Madzi oyenda okhawo ndiye kuti akuchokera kwa maneba. Musatsekenso ndi simenti, ikanipo chivundikiro chokha. Loweruka ndidutsa ndi kamera ya m'mapaipi tione kumene yalowera.

aMbewe: Chabwino mwawina. Koma penti ikatha mapepala asanatuluke, anyamata awiri mundibwereke, ndili ndi silabu ku Kensington.