Ndisiye choko ndigwire gitala? Ndithandizeni maganizo abale

Membala wobisa dzina:
A Admin chonde dzina langa lisaoneke. Ndine mnyamata wa ku Nkhotakota, mbali ya ku Chia. Ndikuphunzitsa Biology pa CDSS ina, koma ndi ganyu chabe, amandilipira ndi makolo, mwezi wina ndalama ibwera, mwezi wina akuti anthu sanasonkhe. Mtima wanga uli pa nyimbo. Ndimaimba zofotokoza sayansi m'Chichewa, monga momwe chambo chachikazi chimasungira mazira ndi tiana take m'kamwa, moti ukachigwira nthawi yoswana wapha banja lonse. Ina ndinadzudzula okokera nsomba ndi neti ya udzudzu. Imeneyo inandidanitsa ndi amalume anga omwe ali ndi ukonde wa chilimira, mpaka pa sadaka ya agogo sanandiyankhe moni. Wa situdiyo nayenso akukanirira nyimbo zanga zitatu ati ndimalize ngongole, chonsecho gitala yanga anaswa ndi mng'ono wake. Chibwenzi changa chikuti kwawo sangalole mkamwini woimba pamchenga. Tsono bungwe lina lamva nyimbo ya neti ija, likufuna ndiziyenda nalo m'madoko kuchokera ku Senga Bay mpaka ku Dwangwa chaka chonse, kuimba ndi kuphunzitsa. Ahedi akuti ndikangochoka malo apereka kwa wina. Tulo sindikugona. Nditani?

Make Tadala:
Achimwene, nkhani yonseyi simunanene kuti bungwelo likupatsani zingati. Ndi malipiro a pamwezi kapena ndi ya thiransipoti basi?

Mkulu wa ku Kamuzu Road:
Ndikuuzeni zoona inu! Za chilengedwezi ndi munda wa anthu a ma alawansi. Amabwera pa galimoto zazikulu, kugawa malaya, kujambula zithunzi, basi abwerera ku Lilongwe. Mapepala apulasitiki opyapyala analetsedwa mu 2015, khoti lalikulu linagamula mu 2019, pitani pamsika wa Salima lero mukaone tomato akumuika mu chiyani. Ndiye gitala yanu ikathetse zimene khoti lalephera?

Mphunzitsi wopuma:
Mwanawe, choko sichisiyidwa. Imba Loweruka ndi Lamulungu. Ine ndinali ndi liwu labwino kuposa ana a masiku ano, koma penshoni ndikudya chifukwa ndinaugwira mtima.

Make Tadala:
Agogo, iye wati amalipidwa ndi makolo. Penshoni ichokera kuti pamenepo?

Mnyamata wa pa doko:
Kodi ndiwe uja unaimba kuti asodzi ndife mbava za ana a nsomba? Kkkk ubwere pa doko uzatiimbire pamaso, tikuphikira usipa. Koma zoona zake aise, neti ya udzudzu munthu saikonda, ndi umphawi. Ukonde weniweni mtengo wake ukuudziwa?

Mkulu wa ku Kamuzu Road:
Mwamva? Umphawi! Makala ndi chimodzimodzi. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, koma matumba a makala ali ndandanda mumsewu wa M5. Ku Salima kuno kuli magetsi a dzuwa a 60 megawatts ku Nanjoka, koma akazi athu akuphikirabe pa mbaula. Woimba wanuyo aimbe za mtengo wa gasi kaye.

Wa ku Chikombe:
Bambo, si zonse zimene zalephera. Ku chilumba cha Mbenje mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi nyengo ya mvula, mwambo wochokera m'zaka za m'ma 1950, ndipo mowa ndi juga saloleza pachilumbapo. Akatsegula, utaka umatuluka wochuluka. Anthu amamvera mawu akachokera kwa mwana wa pakhomo. Mnyamatayu ndi wa ku Chia, chimenecho ndiye chuma chake.

Mkulu wa ku Kamuzu Road:
Ku Mbenje amaopa mfumu ndi mizimu, saopa nyimbo. Musasakanize.

Anaphiri a ku Linga:
Ine bungwe lina linatenga gule wathu wa amayi, kutijambula tsiku lonse padzuwa, kutipatsa fanta ndi mabanzi. Chaka chotsatira ndinadziona pa chikwangwani mutauni, osandiuza n'komwe. Mpaka lero mwamuna wanga amati ndinabisa ndalama. Zinafika kwa ankhoswe.

Woimba mnzako:
Mbale, usanapereke nyimbo kwa aliyense kalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso. Ndipo uwerenge bwino pepala, kodi akubwereka nyimbo ya chaka chimodzi kapena akugula umwini wonse? Ambiri tinapsa pamenepo. Wa situdiyoyo mulipire pang'onopang'ono utenge zako, komweko ndiye kungatayikire ntchito yako yonse. Wasaina kale kapena ayi?

Make Tadala:
Eya, funso ndi limenelo. Wasaina?

Mlongo wa ku Benga:
Chibwenzicho musiye, akufuna wa tayi ameneyo 😂

Wa ku Chikombe:
Komanso usadalire bungwe limodzi. Pita ku Nkhotakota Community Radio ukafunse ngati angakupatse kanthawi kofotokoza za nsomba. A African Parks akuyang'anira nkhalango ya Nkhotakota kuyambira 2015, ndi amene anabweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, ndipo amagwira ntchito ndi masukulu ozungulira. Mpasa wa mumtsinje wa Bua nayenso akufunika womuimbira. Makalabu a zachilengedwe a WESM, bungwe losamalira nyama zakutchire ndi chilengedwe, aliponso m'masukulu, ungayambitse pomwe ulipo osasiya kalasi.

Mkulu wa ku Kamuzu Road:
Njovu zimenezo mukafunse alimi a m'mphepete mwa mpanda. Ine mlamu wanga chinangwa chake chinatha usiku umodzi.

Wa ku Chikombe:
Bambo, nanga yankho lanu kwa mnyamatayu ndi lotani? Mwayankhula kasanu.

Mkulu wa ku Kamuzu Road:
Kanayi. Muziwerenga bwino. Yankho ndapereka kale, dziko lino likufunika gasi wotchipa.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Mlongo wa ku Benga, mtsikanayo si woipa, vuto ndi azakhali ake. Aise wa pa doko, sindinati mbava, mvetseranso ndime yachiwiri. Za amalume, mwaona bwanji, ndipite ndekha kukapepesa kapena nditume amayi?

Make Tadala:
Ambuye wanga. WASAINA KAPENA AYI?