Mwendo wamanzere ukundigwedeza pa split squat: ndizigwira nsanamira kapena ndipirire?

GD wa ku Chinamwali

Anzanga, ndigawireniko nzeru. Ndimasewera mpira wamanja, ndimatchinga pa GD (goal defence, wotchinga pafupi ndi golo). Kochi wathu wati nyengo yopumayi aliyense alimbitse mwendo uliwonse pawokha, poti pabwalo tikawakha mpira timatera ndi phazi limodzi, ndipo lamulo silikulola kulidzutsa phazilo n'kulipondetsanso mpira uli m'manja. Ya jimu ndilibe, ndiye ndimachitira pakhonde. Phazi lakumbuyo ndimalisanjika pabenchi, lakutsogolo pansi, n'kumatsika, ija amati Bulgarian split squat. Zonyamula ndi zigubu ziwiri za malita 5 zamadzi.

Mwendo wamanja zimayenda bwinobwino. Wamanzere ndikangoyamba kutsika, phazi limayamba kuvinavina, bondo limakhotera mkati, madzi ali khavukhavu m'zigubumo. Ndikamaliza, potopa ndi kuphazi ndi m'mbali mwa thako, ntchafu zili zii ngati sizinagwire ntchito. Tsiku lina ndinasiya chigubu chimodzi n'kugwira nsanamira ya khonde. Ndinatsika mpaka bondo lakumbuyo kutsala pang'ono kukhudza simenti, ndipo kutacha ntchafu zinkawawa potsika masitepe. Koma mnzanga wa pa timu akuti kugwira n'kubera, pabwalo palibe nsanamira. Iyeyo amachita kuponda papilo kuti zivute kwambiri. Zoona ndi ziti?

Wazitsulo wa ku Ndirande

Asisi, gwirani nsanamirayo, palibe akuberedwa apa. Thupi likamva kuti likufuna kugwa silikulolani kutulutsa mphamvu zonse za ntchafu. Minofu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo kwa bondo imakungika nthawi imodzi kuti bondolo lisasunthe, ndiye ina ikukankha, ina ikubweza. Mumathera panjira osafika pansi, ndipo mumasiya chifukwa choti mwadzandira pomwe ntchafu isanatope n'komwe. Za zimenezi anafufuza kwambiri David Behm wa ku Memorial University ku Canada, ndipo zomwe ankapeza n'zoti munthu akakhala pa chinthu chogwedera mphamvu yomwe amakankha nayo imatsika.

Ndiye mnzanu wa piloyo akutuluka thukuta, inde, koma akuphunzira kusagwa papilo. Ntchafu imakula ndi katundu. Kwathu kuno anyamata amene amanyamula zolemera pa mwendo umodzi, dzanja lina limakhala pachitsulo, ndipo palibe amawaseka. Kungoti musamadzikoke ndi dzanjalo. Zala ziwiri kapena zitatu zikhudze nsanamira, kudzuka kudzuke ndi mwendo.

Mayi a fizo

Achimwene a ku Ndirande anena zoona pa za ntchafu, koma asiya pomwe pakundidetsa nkhawa ine, pa bondo lokhotera mkatilo. Mwanangu, pamene mukuti pamatopa m'mbali mwa thako, mwaloza malo enieni. Pali mnofu wotchedwa gluteus medius, umachokera pa fupa la chiuno n'kukagwira kumtunda kwa fupa la ntchafu cha kunja. Mukaima ndi miyendo iwiri ntchito yake ndi yochepa. Mukangodzutsa mwendo umodzi, ndiwo umagwira chiuno kuti chisapendekere mbali ya mwendo uli m'mwambawo. Ukalephera, chiuno chimagwa mbali imodzi, ntchafu imapotokera mkati, bondo n'kutsatira. Dokotala wa ku Germany, Friedrich Trendelenburg, anafotokoza chizindikiro cha chiuno chogwachi mu 1895, ndipo mpaka lero timachitchula ndi dzina lake.

Kwa wampira wamanja iyi si nkhani yaing'ono. Kutera ndi phazi limodzi, bondo litakhotera mkati, thupi likutembenuka kuti upatsire, ndi momwe mtsempha wa mkati mwa bondo uja wa ACL umadukira kawirikawiri. Mukamangogwira nsanamira masiku onse, ntchafu zidzalimba koma wogwira chiunoyu mudzakhala mukumupumitsa.

Ine ndikanazigawa pawiri. Yolemera ija chitani mutagwira, monga anenera achimwenewo. Ndiye pakhale ina yopepuka yosagwira kanthu: imani pa sitepe ndi mwendo wamanzere, tsikani pang'onopang'ono mpaka chidendene chamanja chikhudze pansi, n'kubwerera. Ikani foni patsogolo ijambule. Yang'anani lamba wa kabudula ngati ali mowongoka, ndi bondo ngati likuloza chala chachiwiri cha phazi. Zikayamba kupotoka, imani pomwepo ngakhale mphamvu zikadalipo, chifukwa kupitiriza n'kuliphunzitsa bondo njira yolakwikayo. Zikadzakhazikika, nyamulani chigubu chimodzi kudzanja lamanja pamene mwaima ndi mwendo wamanzere. Katundu wa mbali inayo amakokera chiuno pansi, ndiye mnofu uja umakakamizika kugwira ntchito kwambiri kusiyana ndi mutanyamula mbali yomweyo.

Pilo sindikumunyoza. Timamugwiritsa ntchito kwa amene anabinya kakolo, kuti phazi liyambirenso kumva pomwe laponda ndipo timinofu ta m'mbali mwa mwendo tizichangamuka msanga. Ndiye ndifunse: kakolo wamanzereyo simunabinyepo? Phazi lovinavina mbali imodzi nthawi zambiri limakhala ndi mbiri. Ndipo ngati bondo limatupa, kulasa mkati kapena kufooka mwadzidzidzi mukuyenda, izi zonse zidikire, kaonaneni ndi a chipatala kaye.

Wothamanga wa ku Area 25

Musanafike kutali, onani kaimidwe. Ambiri amaika phazi lakumbuyo kumbuyo kwenikweni kwa lakutsogolo, pamzere umodzi, ndiye angalekerenji kugwedera? Talikitsani mapazi mulifupi mwa chiuno. Benchi isapitirire bondo kutalika. Phazi lakutsogolo liponde ndi malo atatu: chidendene, tsinde la chala chachikulu ndi tsinde la kachala kakang'ono. Chala chachikulu chikadzuka, bondo lapita.

Madziwo achotseni, thiranimo mchenga wouma. Sukhavuka, komanso chigubu cha malita 5 chimafika makilogalamu 7 kapena 8 m'malo mwa 5. Chinanso, mukaimika msana chilili bondo n'kupita patsogolo, kumamva kwambiri ndi kutsogolo kwa ntchafu. Mukaweramira patsogolo pang'ono n'kutalikitsa phazi, ntchito yambiri imasamukira kumatako. Sankhani chomwe mukufuna tsiku limenelo.

GD wa ku Chinamwali

Mayi, mwalasa. Kakolo wamanzereyo ndinabinya ndili kusekondale, anangondimanga bandeji, nditasiya kutsimphina ndinabwerera pabwalo. Ndajambula zotsika pa sitepe zija madzulo ano. Kumanja lamba ali mowongoka. Kumanzere ndikangofika pakati, mbali yamanja ya chiuno ikugwa moonekeratu, phewa n'kupendekera kumanzere, ndipo ine mwiniwake sindimamva kuti ndapendekeka, ndachita kuona pafoni. Bondo silitupa ayi. Za mapazi pamzere umodzi zinalinso zoona, ndawatalikitsa ndipo kugwedera kwachepa. Mchenga ndikatapa mawa.

Funso lina: ndizichita nditavala nsapato zosewerera kapena chosavala? Zanga zili ndi soli yofewa kwambiri.

Mayi a fizo

Za pa sitepe zija vulani, pasimenti pouma, kuti zala zizigwira pansi ndipo muziona ngati chala chachikulu chikudzuka. Soli yofewayo ndi pilo wa mnzanu uja, kungoti wavalidwa kuphazi. Mukadzayamba zodumpha n'kutera ndi mwendo umodzi, apo valani nsapato zomwe mumasewerera, ndipo foni ija izijambulabe kuchokera kutsogolo.