Kemo ya mankhwala ambiri nthawi imodzi, nchifukwa chani?

mlongo_wawo: Abale achimwene anga awapeza ndi khansa yotchedwa lymphoma yofalikira msanga, adokotala akuti awapatsa R-CHOP, mankhwala 5 pakamodzi, koma thupi lingapirire zimenezi? bwanji osangopereka amodzi kaye?

namwino_wausiku: Pepani achemwali. Amodzi okha maselo ena a khansa amapulumuka nkuyambanso kuswana, ndiye amaphatikiza kuti aliwonse azimenya mbali yake. Amapereka pakatha masabata 3, kawirikawiri maulendo 6, thupi lizipumako pakatipo.

bambo_wa_awiri: Mwa mankhwala 5 aja, Doxorubicin wofiira uja amafiiritsa mkodzo musadzadabwe, komanso amatha kufooketsa mtima nchifukwa amayamba aunika mtima kaye. Wina wotchedwa Vincristine ndiye amachititsa dzanzi m'zala eeh.

namwino_wausiku: Koma thupi likadzatentha kufika madigiri 38 thamangani nawo kuchipatala olo pakati pausiku, chitetezo chimakhala chatsikiratu, osangowamwetsa panado nkugona ayi.