Pakhonde paja pasiya kuterera

Zikomo nonse amene munandiyankha za konkire wapakhonde pathu, wodinda uja wooneka ngati miyala yoyala, yemwe ankaterera mvula ikagwa komanso anachita mawanga otuwa ngati phulusa.

Ena munati ndingomuswa n'kuthira wina. Ine ndinatsata abambo amene anati konkireyo alibe mlandu, vuto ndi sealer (mankhwala opaka pamwamba pa konkire pomuteteza): anapakidwa wambiri konkire asanaumitsitse, chinyontho n'kutsekeredwa mkati. Tinadutsitsa xylene (mankhwala osungunula sealer) ndi rola, sealer anafewa, ndipo kutuwa kuja kunkazimiririka tikuona, mtundu wofiirira n'kubwerera mpaka m'timizere. Xylene amathandiza pa sealer wa acrylic wosasungunulidwa ndi madzi, ndiye yambani mwayesa pakona. Fungo lake ndi loboola mphuno. Valani magolovesi, moto ukhale kutali.

Patauma tinapaka sealer wina mopyapyala, titasakanizamo timchenga toletsa kuterera. Tizivundulidwa pafupipafupi, apo ayi timakhazikika pansi pa ndowa. Pano ana akuthamangapo ngakhale ponyowa.

Amene mukuthira konkire watsopano, dikirani masiku 28 musanapake sealer, ndipo musapake dzuwa lili paliwombo chifukwa amatuluka timatuza.