Mawu akuti "fogo": ankawerenga moto kapena anthu?

Wofunsa:
Abale odziwa Chipwitikizi, ndithandizeni. Ine ndimadziwa kuti fogo ndi moto, basi. Koma ndikuwerenga za kalembera amene Mfumu João III inalamula ku Portugal m'chaka cha 1527, ndipo akuti alembi ankawerenga "fogos". Moto umawerengedwa bwanji? Kapena kalelo mawuwa ankatanthauza zina?

Yankho loyamba:
Ankawerenga mabanja, achimwene. Nyumba iliyonse yophika payokha inali fogo imodzi, kaya muli anthu atatu kaya khumi.

Mawuwa anachokera ku Chilatini, focus. Koma focus sanali moto weniweniwo ayi, anali malo osonkhapo moto m'nyumba, tinene kuti pamafuwa. Moto wokhawo Aroma ankautcha ignis. M'kupita kwa nthawi anthu wamba anasiya ignis n'kuyamba kuutchula moto ndi dzina la malo ake. N'chifukwa chake Chisipanishi chili ndi fuego, Chitaliyana fuoco, Chifalansa feu, Chiromaniya foc. Onsewa kholo lawo ndi focus, pomwe ignis anangotsalira m'mabuku a anthu ophunzira. Ndiye tanthauzo lomwe lakudabwitsanilo ndi limene layandikira gwero, kuposa lomwe tonse tinaphunzira m'kalasi.

Yankho lachiwiri:
Zoona zimenezo, koma tisaiwale Galicia, kumpoto kwa Portugal, chigawo cha Spain chomwe chilankhulo chake ndi cha mimba imodzi ndi Chipwitikizi. Kumeneko fogo aliko, koma pakamwa pa anthu pamamveka kwambiri lume, ochokera ku lumen, kuwala. Ngakhale nkhalango zikamapsa m'chilimwe, nyuzi zawo zimangoti "os lumes".

Ku Portugal nakonso lume sanafe, anangothawira kukhitchini. Mphika ukakhala pamoto amati uli "ao lume", wophika ndi moto wochepa amati "lume brando", ndipo wosuta fodya wopanda machesi amapempha lume. Ku Brazil wophika yemweyo amati "fogo baixo". Kwa ine lume ndi okoma kumva, ngakhale zimenezo n'zanga.

Yankho lachitatu:
Chenjezo laling'ono. Mukamva Mpwitikizi akukuwa kuti "Fogo!" musathamangire chidebe cha madzi. Nthawi zambiri wangokwiya kapena wadabwa. Pomwe dzinali silinama ndi pa chilumba cha Fogo ku Cabo Verde, chomwe phiri lake linalavula moto mu 2014.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Nanga ngati ankawerenga malo ophikira, akatswiri a mbiri amadziwa bwanji kuchuluka kwa anthu?

Woyankha woyamba uja:
Amangoyerekeza. Amachulukitsa ma fogo ndi 4 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mkangano wawo umayambira pomwepo, chifukwa fogo ya mkazi wamasiye wokhala yekha ndi ya mlimi wa ana ambiri ndi antchito sizingafanane. Mukaona mabuku awiri akupereka chiwerengero chosiyana cha anthu a ku Portugal a nthawi imeneyo, yambani mwaona nambala yomwe aliyense wachulukitsa nayo.